Kodi Kuchotsa Mwana Sukulu Kuchotsa ndi Chizolowezi Chomwe?

Ndipempha kuti mundilole ndinenepo mawu pa nkhani imene yakhala ili kundisautsa mumtima kuyambira teremu yachitatu ya chaka chatha. M'nyumba yathu yogona muli bedi lina la pafupi ndi zenera limene linakhala lopanda mwini kufikira tsiku lotsekera. Mwini wake anali mnzanga, mnyamata wakuthwa pa masamu kuposa ife tonse a m'kalasi mwake, ndipo dzina lake sindilitchula pano pakuti manyazi amene amayi ake anaona ndi okwanira. Tsiku lina Lachisanu kunachitika chipikisheni m'masutikesi mwathu, ndipo m'sokosi yake munapezeka chamba chokulunga m'pepala la kope. Lolemba lotsatira, itatha asembule, anasenza katundu wake natuluka pachipata. Ife tinaima pakhonde kumuyang'ana mpaka anakhota pamsewu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa.

Pa tchuthi ndinakomana naye padepoti pano pa Liwonde, ali kuitanira maminibasi a ku Mangochi kuti kondakitala amponyere kangachepe. Poyamba anandithawa maso, koma pambuyo pake tinatsikira limodzi kumtsinje, tinakhala pansi cha kufupi ndi mlatho, ndipo ndinamfunsa funso limene ndikadamfunsa kale pamene tinali kugona mabedi oyandikana, lakuti kodi anayamba bwanji. Iye anati bambo ake atamwalira, iye ali Fomu 2, tulo tinamthawa. Magetsi akangozimitsidwa, maganizo anali kumgwera ngati udzudzu wa m'dambo: ndani adzalipira fizi, ine ndine woyamba kubadwa, ndikalephera ndiye kuti mbuzi zimene amayi anagulitsa zapita pachabe. Tsono mnyamata wina wa Fomu 4 anamnong'oneza kuti mankhwala a tulo alipo kuseri kwa zimbudzi. Mawu amene ananena pomaliza ndiwo andilembetsa nkhani ino. Anati, "Iwe, kusukulu ndinali kusuta kawiri pa sabata, mobisala, mtima uli m'mwamba. Kuno ndisuta m'mawa, masana ndi usiku, ndipo palibe wondifunsa."

Musandimve molakwa. Sindili kunena kuti malamulo a sukulu ndi oipa, kapena kuti chamba ndi ndiwo zamasamba. Dziko lino liletsa kusuta chamba, ndipo ngakhale lamulo lija la mu 2020 linangolola kulima kwa ofuna kupanga mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, ndiponso okhawo okhala ndi chiphaso. Aphunzitsi ali ndi ana mazanamazana oti awasunge, ndipo akanena kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ine ndiwamvetsa. Koma nsomba yowola siingabwerere kukhala yabwino, pamene mwana wa munthu angathe kubwerera. Sukulu inachotsa mnyamatayo, inde. Nanga chizolowezicho anachichotsa ndani? Chinatuluka naye limodzi pachipata, ndipo kunjako chinapeza msipu wobiriwira.

Kwathu kuno munthu akavutika maganizo, kapena akagwidwa ndi mowa kapena chamba, tidziwa njira zitatu. Yoyamba ndiyo chilango: ndodo kunyumba, kukumba dzenje kusukulu, chitokosi kupolisi. Yachiwiri ndiyo kupita naye kwa abusa, kwa ashehe kapena kwa asing'anga. Yachitatu, imene tonse tiiopa, ndiyo ya ku Zomba. Kuchokera pano kukafika ku Zomba ndi makilomita ngati 50 okha, koma m'makutu mwathu mawu akuti "apita naye kumentolo" amveka ngati uthenga wa maliro. Manthawo ali ndi gwero lake, pakuti mu 1910, pamene boma la atsamunda linayamba kusunga odwala misala, linawasunga m'chigawo cha ndende yaikulu ya ku Zomba, ndipo chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Lero ndi chipatala monga zipatala zina, cha madokotala ndi anamwino ophunzira ntchito yawo, ndipo anthu achira nabwerera kwawo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God, amene athandiza odwala maganizo ndi ofuna kuleka mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Koma taonani kukula kwa mpata umene uli pakati pa dzenje la chilango ndi bedi la chipatala. Mnzanga uja sanali wamisala, ndiponso sanali chigawenga. Anali mwana wamasiye wosowa tulo, ndipo kwa munthu wotere pakati apa panalibe kanthu.

Nditawafotokozera zimenezi azakhali anga, amene ndi namwino, anandiuza za chithandizo china chimene m'Chingerezi achitcha cognitive behavioural therapy, mwachidule CBT. Ine m'Chichewa ndingati ndi chithandizo chowongola maganizo ndi machitidwe. Mulibe jakisoni kapena mapiritsi. Wovutikayo akomana ndi mlangizi wophunzitsidwa kamodzi pa sabata, kwa masabata kapena miyezi yowerengeka, ndipo pakati pa misonkhanoyo apatsidwa ntchito yokachita payekha, monga ife tipatsidwa ntchito ya kupulepu. Amene anachiyala bwino ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, wa pa University of Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaphunzira njira yakale yofukula maloto ndi za ubwana wa wodwala, koma pomvetsera anthu odwala matenda a kukhumudwa anaona chinthu china chapafupi: m'mutu mwawo munali kudutsa timaganizo tothamanga kwambiri, tonena zoipa za iwo eni, za dziko lowazungulira ndi za tsogolo lawo, ndipo eni akewo anali kutilandira ngati choonadi osatifunsa kumene tachokera. Mnzake wina wa ku New York, Albert Ellis, anali atayamba njira yofanana nayo mu 1955. Beck anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100, ataona njira yake ili kuyesedwa m'maiko ambiri.

Ndipereke chitsanzo cha pakati pathu pompano. Ana awiri a Fomu 3 alandira mapepala awo a masamu, ndipo onse awiri apeza 28. Woyamba aganiza kuti, "Mutu uja wa ma logarithm sindinaumve, ndikafunse." Mtima umuwawa pang'ono, koma madzulo apita kupulepu nakhala pafupi ndi wodziwa. Wachiwiri aganiza kuti, "Ine ndine mbuli, MSCE sindidzakhoza, amayi angotaya ndalama." Mtima wake ulemera ngati mwala wa mphero, nsima ya madzulo imkanika, kupulepu angogoneka mutu padesiki, ndipo mayeso otsatira apeza 15. Pamenepo ganizo lija libwera lili kuseka, liti, "Suja ndinanena?" Malikisi anali amodzimodzi, mphunzitsi mmodzi, tsiku limodzi. Chimene chinasiyana ndi mawu amene aliyense anadziuza, ndipo mawuwo anabala chisoni, chisoni chinabala ulesi, ulesi unabala kulephera kumene kunadyetsanso mawu aja. Munthu azungulira momwemo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imene itha tsiku lonse ili kuyenda koma madzulo ipezeka pomwe paja.

Ntchito ya mlangizi ndiyo kuthandiza munthuyo kudula chingwe. Amuuza kuti atenge kope nalemba mizere yotsika. Mu mzere woyamba alembe chimene chachitika, mu wachiwiri ganizo limene linabwera, mu wachitatu mmene anamvera mumtima ndi m'thupi. Kenaka ganizolo liimikidwa pabwalo. Umboni wolivomereza ndi uti? Umboni wolitsutsa ndi uti? Mnzako akadakhala kuti ndiye wapeza 28, kodi ukadamutcha mbuli? Inu a kalabu ya mtsutso mudziwa bwino kuti mutu suloledwa kupambana chifukwa chongowerengedwa mokweza. Uyenera kutetezedwa ndi mfundo, ndipo a mbali ina ayenera kupatsidwa mphindi zawo. Koma m'mitu mwathumu mutu wakuti "ndine wachabechabe" upambana usiku uliwonse popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe. Ndipo dziwani kuti cholinga si kudzinamiza ndi maganizo otsekemera. Wopeza 28 akalemba kuti "ndine katswiri" wanama, ndipo mtima wake udziwa kuti wanama. Chofunika ndi ganizo loona: "Masamu andivuta teremu ino, koma Biology ndinakhoza, ndipo mayeso a boma akadali kutali."

Ine ndinayesa ndekha, pakuti nane ndili ndi kanga. Akanditchula dzina kuti ndiwerenge pamaso pa anthu, mawondo anga agwedezeka ndipo pakamwa pauma. Sabata yoyamba kulemba m'kope muja ndinadziona ngati chitsiru, ndipo kopelo ndinalibisa pansi pa matiresi ngati kalata ya chibwenzi. Koma nditawerenga masamba atatu pamodzi ndinadabwa kuona kuti ganizo linali limodzi lomwelo tsiku lililonse, lakuti "onse andiseka ndipo sadzaiwala." Tsono ndinadzifunsa kuti nditchule mwana mmodzi amene analakwitsa powerenga pa asembule chaka chatha, ndipo ndinalephera kukumbuka ngakhale mmodzi. Apa mpamene pabwera theka lachiwiri la chithandizochi, la machitidwe, limene azakhali anati ndilo lamphamvu koposa. Woopa chinthu achiyandikire pang'onopang'ono, osachithawa, pakuti kuthawa kudyetsa mantha. Ndinayamba kuwerengera mnzanga mmodzi, kenaka anayi, kenaka kalasi. Mawondo agwedezekabe, sindinama, koma tsopano ndifika kumapeto kwa ndime. Wokhumudwa nayenso auzidwa kuti asadikire kuti mtima ufune kaye. Alembe tinthu tating'ono toti achite mawa, kuchapa, kupita kumpira, kucheza ndi mnzake, ndipo achite ngakhale asafune, pakuti nthawi zambiri chilakolako chibwera pambuyo pa ntchito.

Nanga za mowa ndi chamba? Apa ndipo pamene njirayi inandigwira mtima, chifukwa ifunsa funso limene komiti yosungitsa mwambo siifunsa. Komiti ifunsa kuti, "Unasuta kapena sunasute? Anakupatsa ndani?" Mlangizi afunsa kuti, "Chambacho chinali kukugwirira ntchito yanji?" Afuna kudziwa nthawi yake, malo ake, anthu ake, ndi chimene chinali mumtima mphindi zisanu usanayatse. Kwa mnzanga yankho likadakhala lapafupi: nthawi ndi usiku magetsi atazima, malo ndi kuseri kwa zimbudzi, mumtima muli bambo ake ndi fizi. Kwa wina ndi Loweruka la kumsika ali ndi ndalama m'thumba. Kwa wina ndi manyazi pamaso pa asungwana. Kwa wina, amene chizolowezi chake ndi kubetcha mpira pafoni, ndi ganizo lakuti lero lokha abweza zimene analuza dzulo. Munthu akadziwa misampha yake angathe kuilambalala, ndipo akadziwa ntchito imene chamba chimgwirira angathe kufuna china chogwira ntchito yomweyo. Kumlanda munthu ndodo imene atsamira osampatsa ina ndi kumgwetsa.

Katswiri wina wa ku Seattle, Alan Marlatt, amene buku lake la kupewa kubwerera ku chizolowezi linatuluka mu 1985, anaphunzitsa zinthu ziwiri zimene ndifuna aliyense wa ife azisunge. Choyamba ndi cha chibaba. Wogwidwa ndi chibaba akhulupirira kuti chidzangokulirakulira mpaka mutu uphulike ngati sasuta. Koma chibaba chikwera, chifika pachimake, kenaka chitsika chokha, monga funde limene boti la injini lisiya likadutsa mu Shire: bwato la msodzi lipendekeka, koma iye akakhala chete osalumphira m'madzi, posachedwa madzi akhala bata. Wophunzira kudikira fundelo kamodzi, kawiri, katatu, aona kuti siliri ndi mphamvu imene anali kuliganizira. Chachiwiri ndi cha kuterereka. Munthu waleka mowa miyezi iwiri, tsiku lina pa ukwati amwa botolo limodzi, ndipo pomwepo ganizo libwera lakuti, "Zonse zawonongeka, ndine chidakwa basi, bola ndingomwa." Chimene chimgwetsa m'dzenje si botolo lija koma ganizoli. Wakabaza akagwa pamchenga sataya njinga m'tchire n'kunena kuti sadziwa kupalasa. Adzuka, ayang'ana pamene panali mchengapo, mawa adutsa mbali ina. Aphunzitsidwanso kukana, ndipo kukanako achita kuyeserera ngati sewero, mlangizi ali kudziyesa mnzake womkakamiza, kufikira mawu akuti "ayi, ine ndinaleka" atuluka osagwira pakhosi. Ife tili ndi kalabu ya zisudzo imene ithera teremu yonse pa sewero la mfumu ndi mkamwini. Bwanji osayeserera zimenezi?

Ndidziwa kuti ena mwa inu muli kunena kale kuti izi ndi za azungu, za anthu okhala ndi ndalama zolipira dokotala wongocheza naye, ndipo kuti kuno madokotala a maganizo ndi owerengeka pa zala. Zakuchepa kwa madokotala ndivomera. Koma mverani zimene zinachitika kwa anansi athu. Ku Harare kuli dokotala wa maganizo dzina lake Dixon Chibanda, amene wodwala wake wina anadzipha chifukwa banja linasowa ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Chibanda anaona kuti kudikira madokotala ndi kudikira mvula m'mwezi wa Ogasiti. Mu 2006, ku Mbare, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 njira yothandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi, imene ndi mphukira ya CBT yomweyi, ndipo anawakhazika pa mabenchi a matabwa kunja kwa zipatala zazing'ono. Ntchitoyo itchedwa Friendship Bench. Nthendayo sanaitchule ndi dzina la m'mabuku. Anagwiritsa ntchito mawu a Chishona akuti kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, monga tinenera ifenso. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 a m'zipatala 24 za mu Harare zinasindikizidwa. Itapita miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi 14 pa 100 alionse ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100 alionse. Njirayi yayesedwanso kuno kwathu, m'zipatala za ku Lilongwe.

Ku Lusaka, kumene anthu ayankhula chinenero chathu chomwechi, Laura Murray wa ku Johns Hopkins University pamodzi ndi anzake a ku Zambia anaphunzitsa anthu wamba a m'makomboni njira yotchedwa CETA, yomangidwa pa maziko omwewa, ndipo anaiyesa pa mabanja 248 amene mwamuna anali kumwa mowa mopitirira ndi kuchitira nkhanza mkazi wake. Zotsatira zinatuluka mu 2020: kumwa kunachepa, nkhanza zinachepa, kotero kuti oyang'anira kafukufukuyo anamuimitsa nthawi isanakwane kuti mabanja amene anali kudikira nawonso alandire chithandizo. Ndipo musaganize kuti boma lathu lino la Machinga lili kunja kwa nkhani zotere. Dokotala Felix Kauye, amene anagwira ntchito pa chipatala cha ku Zomba chija, anachita kafukufuku m'zipatala zazing'ono za boma lino, amene anasindikizidwa mu 2014. Ogwira ntchito atawaphunzitsa masiku owerengeka za matenda a maganizo, anayamba kuzindikira odwala kukhumudwa ndi nkhawa, ndipo chiwerengero cha olembedwa malungo chinatsika. Taganizani zimenezo. Munthu anali kudandaula mutu, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo, napita kwawo ndi mankhwala a malungo, pamene chomudya chinali mumtima. Ngati agogo a ku Mbare ndi anthu wamba a ku Lusaka anaphunzira, aphunzitsi athu amene ali ndi madigiri alepherenji?

Ena adzati, nanga malangizo si tili nawo kale? Tili ndi amalume, ankhoswe, anankungwi ndi angaliba, ndipo pano pasukulu tili ndi phunziro la Life Skills. Ine sindinyoza akuluakulu, koma tonse tidziwa mmene malangizo athu ayendera. Amalume akukhazika pamphasa, iwo ayankhula ola lathunthu, iwe uweramitsa mutu uli kukanda pansi ndi kamtengo, ndipo pomaliza uti, "Ndamva, amalume." Mawuwo agwa ngati mvula padenga la malata, phokoso lalikulu koma m'nyumba mouma. Mnzanga uja anadziwa kuipa kwa chamba kuposa ine. Analemba bwino mayeso a Life Skills pa mutu womwewo. Chimene sanadziwe ndi chochita ikakwana 11 koloko usiku maso ali gwa. Kusiyana kwa njira iyi ndiko kwakuti wamkulu afunsa ndi kumvetsera, ndipo wovutikayo ndiye asankha vuto loyamba kuligwira ndi njira yoti akayese sabata imeneyo. Chimene munthu wachipeza ndi mutu wake sachitaya msanga. Za mapemphero ndinene mwachidule: sindiona nkhondo pakati pa ziwirizi. Mlimi apempherera mvula kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo mawa lake alawirira kumunda ndi khasu.

Koma ndingakhale wosakhulupirika ndikapanda kunena pamene njirayi ilekezera. Maganizo ena owawa ndi oona. Mwana akaganiza kuti "kwathu kulibe chimanga" chifukwa mvula inadula ku Balaka, kapena chifukwa madzi a namondwe Freddy anakokolola munda mu 2023, palibe mzere wa m'kope umene ungatsutse zimenezo, ndipo mlangizi womuuza kuti vuto lili m'mutu mwake ndi wonyoza. Wotereyo afunika chimanga ndi basale, ndipo kope lingomthandiza kuti njala isasanduke ganizo lakuti iye ndi wopanda pake. Ndiponso alipo matenda amene kucheza kokha sikungawathe. Munthu akayamba kumva mawu amene ena sawamva, kapena kuona adani paliponse, afunika kuchipatala ndi mankhwala, ndipo chipatala cha boma la Machinga chili pano pomwe pa Liwonde. Azakhali anandichenjezanso kuti munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, akaleka mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ngakhale kufa kumene, kotero aleke moyang'aniridwa ndi achipatala. Ndipo mnzako akakuuza kuti afuna kudzipha, chimenecho si chinsinsi choti usunge, ngakhale akulumbiritse. Usamsiye yekha, ndipo uuze wamkulu usiku womwewo. Bola akukwiyire ali moyo.

Tsono pempho langa kwa aphunzitsi aakulu, kwa komiti ya makolo ndi kwa onse oyendetsa sukulu zogonera ndi ili. Siyanitsani wogulitsa ndi wogwidwa. Wobweretsa chamba kudzachita malonda pakati pa ana a Fomu 1, ameneyo apite, sindimlirira. Koma wopezeka ali kusuta kapena kumwa koyamba, chilango alandire ndithu, koma pamwamba pa chilangocho akomane ndi mlangizi kasanu ndi kamodzi, monga achitira pabenchi paja, ndipo pambuyo pake mlandu wake uwonedwenso. Tumizani aphunzitsi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, akaphunzire ntchitoyi kwa a zaumoyo, pakuti mtima wabwino wokha sukwanira. Mlangizi wosaphunzitsidwa abwerera ku ulaliki pa mphindi khumi. Ndipo chachikulu koposa, mlangiziyo asakhale wa m'komiti yosungitsa mwambo. Palibe mbewa imene ingakaulule machimo ake kwa mphaka. Zonenedwa pabenchi zithere pabenchi, kupatula pamene moyo wa munthu uli pangozi, ndipo zisamveke m'chipinda cha aphunzitsi pa nthawi ya tiyi. Benchi lenilenilo silifuna ndalama za boma. Matabwa a madesiki othyoka adzaza kuseri kwa sitolo, ndipo mthunzi ulipo.

Wina adzati kuchita chotere ndi kulekerera, ndipo ana adzasuta podziwa kuti sachotsedwa. Ine ndiyankha kuti mantha a kuchotsedwa alipo kale chaka ndi chaka, ndipo kuseri kwa zimbudzi sikunaleke kununkha. Chimene manthawo achita bwino ndi kutseka pakamwa. Ine ndinadziwa kuti mnzanga asuta, ndipo anzathu ena atatu anadziwanso. Tinakhala chete miyezi yambiri chifukwa kuuza mphunzitsi kukadakhala kumchotsetsa sukulu ndi manja athu. Pakadakhala khomo lina logogoda, ndikadamkokera kumeneko ndekha. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo linachita bwino, koma aliyense wodutsa pamsika madzulo aona ndi maso ake kuti ludzu lija silinathe, linangosamukira m'timabotolo. Taonani mlatho wathu wa Kamuzu Barrage, umene unamangidwa mu 1965. Amisiri ake sanayese kutseka Shire, podziwa kuti madzi otsekedwa afuna njira ina. Anaika zitseko zoti madzi adutse mwa muyeso kuti akafike bwino ku Nkula. Maganizo a mwana wa zaka 16 amene waika bambo ake m'manda ndi mtsinje woposa pamenepo, ndipo ife tingomuuza kuti aleke kuganiza.

Pa bedi lija tsopano pagona kamnyamata ka Fomu 1 kochokera ku Ntaja, kamene sikadziwa kanthu za mwini wake wakale. Tsiku lija kumtsinje ndinang'amba kope langa pakati, ndinalemba mizere ija ndi kumsiyira mnzangayo theka, ndili kumuuza poyera kuti ine si mlangizi ndipo kuti apite kuchipatala akafunse namwino woona za maganizo. Anaseka, nalipinda, naliika m'thumba la kumbuyo. Tsiku lotsegulira sukulu, nditatsika minibasi ndi sutikesi yanga, anandithamangira nanditulutsira kopelo, lakuda ndi thukuta. Kusuta sanaleke, ndipo kuchipatala anali asanapite. Koma tsamba limodzi linali lolembedwa. Pa mzere wa ganizo analemba kuti, "Za sukulu zanga zinatha." Pa mzere wa umboni wotsutsa panali mawu ofufutidwa kawiri, ndipo pansi pake analemba kuti alipo anthu amene alemba MSCE ali kuphunzira sukulu ya masana, ndi kuti masamu sanawaiwale. Anandifunsa kuti kulembetsa mayeso kwa munthu wotere ndi ndalama zingati. Ndinamuuza kuti ndikafunsa kuofesi, ndipo yankho ndidzamtengera pa tchuthi cha pakati pa teremu.